Kufunsira ntchito kwa maloya a zamalonda: zomwe ndinaphunzira pa kontirakiti ya fodya ya bambo anga

Mwana wa achemwali anga wamaliza digiri ya zamalamulo ku Zomba, ndipo pa tchuthi cha Khrisimasi anabwera kumudzi kuno ku Kasungu atanyamula envulopu yaikulu ya khaki. Tinali pakhonde tikudya mango, mvula itangokata kumene. Anatulutsa makalata khumi ndi awiri n'kundipatsa ndi manja awiri. "Amalume, tandionereni ngati ali bwino ndisanatumize." Ndinawerenga yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Inali kalata imodzimodzi, chosintha ndi dzina la kampani pamwamba basi. Pa yachisanu anaiwala kusintha dzinalo pakati pa kalata, moti ankauza maloya ena kuti kuyambira kale wakhala akulakalaka kugwira ntchito kwa anzawo a tsidya lina la msewu. Ndinamuuza kuti makalata onsewo awapereke kwa agogo ake akolezere moto.

Anakhumudwa, koma sindinamuseke, poti inenso ndinachita zomwezo nthawi yanga ndipo panalibe wondiuza. Tsopano ndimagwira ntchito pa kampani ina ya maloya ku Lilongwe, ndipo chaka ndi chaka ndimakhala nawo mbali inayo ya tebulo achinyamata akamabwera ku intavyu. Zomwe ndinamuuza mwanayu tsiku limenelo ndi zomwe ndikulemba pano.

Choyamba dziwani komwe mukugogoda. Ambiri timalowa sukulu ya zamalamulo tili ndi chithunzi cha loya wovala mkanjo wakuda, akuloza mboni chala mu khoti. Ku kampani ya maloya a zamalonda masiku oterowo alipo, koma ndi ochepa. Ntchito yambiri ndi ya pa desiki: kulemba ndi kuwunika makontirakiti, kulembetsa makampani motsatira Companies Act ya 2013, kukonzera banki mapepala a chikole munthu akamabwereka ndalama, kufufuza ku ofesi ya zamalo ngati puloti yomwe kasitomala akufuna kugula ilidi ya wogulitsayo, kuyankha makalata a MRA pa nkhani za misonkho, ndi kulangiza mabwana a makampani asanachotse munthu ntchito kuti asakathere ku Industrial Relations Court. Milandu ikafika ku khoti, yambiri imapita ku Commercial Division ya High Court, yomwe inayamba mu 2007, ndipo kumenekonso malamulo amafuna kuti mbali ziwirizo ziyambe zayesa kukambirana pamaso pa mkhalapakati. Ngati mtima wanu uli pa milandu ya kuba ndi kupha, palibe cholakwika, koma khomo lanu ndi lina. Musataye nthawi yanu ndi ya eni ake.

Pa intaneti mupeza malangizo ambirimbiri olembedwa ku England, okamba za training contract ya zaka ziwiri ndi mayeso a SQE. Werengani ngati mukufuna, koma njira imeneyo ndi ya kwawo. Kuno kwathu mukamaliza digiri mumadzera ku Malawi Institute of Legal Education, kenako mumavomerezedwa ndi khoti kukhala loya, ndipo poyamba mumagwira ntchito moyang'aniridwa ndi loya wamkulu kufikira atakumasulani kuti muime panokha. Ndiye kampani yoyamba yomwe mwalowa si malo olandirirako malipiro chabe. Ndi komwe mukaphunzire kulemba kalata yoti kasitomala alipire, ndipo zizolowezi zomwe mungatole kumeneko, zabwino ndi zoipa zomwe, mudzayenda nazo mpaka imvi.

Makampani a maloya kuno salengeza ntchito m'nyuzipepala kawirikawiri. Ambiri amatenga munthu amene anabwerapo pa tchuthi kudzathandiza, kapena amene kalata yake inakumbukika. Choncho musadikire chilengezo. Sankhani makampani atatu kapena anayi, osati khumi ndi awiri, ndipo muwafufuze mpaka muwadziwe ngati anansi. Njira yake ndi yosavuta ndipo sifuna ndalama kupatula bandulo. Lowani pa MalawiLII, pomwe zigamulo za makhoti athu zimapezeka mwaulere, mulembe dzina la kampaniyo kapena la loya wake wamkulu. Pamwamba pa chigamulo pamalembedwa amene anaimira mbali iliyonse. Mukawerenga zigamulo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi mudzaona nokha kuti awa amaimira mabanki, awa amakonda za inshuwalansi, awa ndi a milandu ya malo. Njira ina yomwe ana asukulu ambiri saidziwa: makampani omwe ali pa Malawi Stock Exchange, monga National Bank of Malawi, Illovo, Press Corporation, TNM ndi Airtel Malawi, amatulutsa lipoti la pachaka, ndipo m'masamba a kutsogolo kapena kumapeto kwenikweni nthawi zambiri mumalembedwa mayina a maloya awo. Pamenepo mwadziwa amene amadyetsa kampani yomwe mukufunsirako ntchito.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi. Ndikunena tsamba limodzi ndithu. Loya wamkulu amaiwerenga ataimirira, foni ili kukhutu. Mawu akuti ndinu wolimbikira, wodzipereka, wokonda chilungamo kuyambira muli mwana, achotseni onse, poti aliyense amalemba zomwezo ndipo maso athu anazolowera kungowadumpha. M'malo mwake nenani zinthu zitatu: mwafika pati pa maphunziro ndipo mungayambe liti, n'chifukwa chiyani mwasankha kampani iyi osati ina, ndipo ndi chiyani chomwe munachitapo ndi manja anu. Pa chachiwiricho tchulani chinthu chenicheni, mwachitsanzo chigamulo chomwe munawerenga momwe iwo anaimira banki pa nkhani ya chikole, ndi mfundo imodzi yomwe inakukopani. Pa chachitatucho musadere pansi zazing'ono. Ngati munasunga buku la ndalama za banki mkhonde ya amayi anu kwa zaka ziwiri, lembani. Ngati munathandiza pa okala ya amalume pa Santhe n'kumatsata ngongole za makasitomala, lembani. Ine ndimakhulupirira munthu woteroyo kuposa amene wandandalika misonkhano isanu ndi umodzi yomwe anangokhala nawo kumbuyo n'kulandira satifiketi.

CV isapitirire masamba awiri. Magiredi aikeni poyera, ngakhale amene sakukusangalatsani, chifukwa tidzafunsabe transikiripiti ndipo kubisa kumaoneka moipa kuposa giredi yotsikayo. Anthu okuchitirani umboni muwapemphe kaye musanalembe mayina awo. Ndinaimbirapo mphunzitsi wina amene anandiyankha kuti dzina la wophunzirayo sakulikumbuka n'komwe. Imelo yanu ikhale ya dzina lanu lenileni, osati dzina lomwe anzanu anakupatsani ku sekondale. Tumizani ngati PDF, ndipo failoyo muitche dzina lanu, poti pa kompyuta ya mlembi wathu pali mafailo osawerengeka ongotchedwa "CV final". Dzina la loya amene mukumulembera lilembeni molondola, chilembo ndi chilembo. Ntchito yathu ndi yoti chilembo chimodzi cholakwika pa nambala ya puloti chimagwetsa chikole cha mamiliyoni. Mukalakwitsa dzina la bwana pa kalata yopempha ntchito, mwatiuza kale momwe mudzalembere mapepala a banki.

Mukapita nokha kukasiya kalatayo, kumbukirani kuti intavyu yayambira pa geti. Mlonda ndi mlembi wa pa risepushoni apatseni moni wa ulemu wake. Amayi amene amakhala pa risepushoni pathu agwira ntchito pamenepo zaka zambiri kuposa maloya onse achinyamata, ndipo akangonena kuti "mwana uja ndi wamwano," nkhani yatha, kaya ali ndi magiredi otani.

Tsopano ndifike pa chomwe chimagwetsa ambiri, chomwe chinandigwetsa inenso.

Intavyu yanga yoyamba ndinakonzekera ngati mayeso. Ndinaloweza milandu usiku wonse. Ondifunsa anali atatu patebulo, ndipo bambo wina wa imvi anandifunsa funso looneka lachibwana. Zonse zinali m'Chingelezi, koma tanthauzo lake linali ili: "Kasitomala wathu ndi banki. Munthu wina wa chigayo, amene analembetsa kampani yake, akufuna ngongole. Tiyambire pati?" Ine nditangomva mawu oti kampani, ndinadumphira pa mlandu wa Salomon v Salomon wa 1897, n'kufotokoza bwinobwino kuti kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo, yosiyana ndi mwini wake. Ndinalankhula mwina mphindi zitatu osapuma, mtima uli m'malo kuti ndawagometsa. Bambowo anandidikira mpaka nditamaliza, kenako anafunsa mofatsa: "Ndiye banki ipereke ndalamazo kapena isapereke?" Ndinangoti kakasi. Zomwe ankafuna kumva n'zoti tifufuze kaye ngati kampaniyo ilikodi m'kaundula ndipo eni ake ndi ndani, tione ngati malo a chigayocho ali ndi mapepala komanso ngati sanapinyolitsidwe kale kwina, tione ngati makina a chigayo angakhale chikole n'kulembetsedwa motsatira Personal Property Security Act ya 2013, ndipo popeza kampani ndi yosiyana ndi mwini wake, mwiniyo asainire kuti kampani ikalephera adzabweza yekha. Salomon analimo ndithu mu yankholo, koma kumapeto, ngati chifukwa chochitira chinthu, osati ngati ndakatulo. Ndinakwera minibasi yobwerera ku Kasungu osadya kanthu.

Patapita miyezi ingapo kampani ina inandiitana. Pakati pa intavyu, mayi wina amene anali mmodzi wa eni ake anandifunsa ngati ndinawerengapo kontirakiti iliyonse kuyambira poyamba mpaka pa siginecha, kupatula za m'kalasi. Ndinatsala pang'ono kunena kuti ayi. Kenako ndinakumbukira mapepala a bambo anga. Bambo ankalima fodya wa bale pa mgwirizano ndi kampani ina yogula fodya, ndipo chaka chilichonse ndinkawawerengera kontirakitiyo ndi kuwamasulira, chifukwa Chingelezi chake chinali chowavuta. Ndinachita manyazi kuitchula, ndikuganiza kuti m'chipinda chozizira chotere, cha makapeti, nkhani za chigafa sizingalowe. Koma ndinalibe ina, ndiye ndinayamba.

Ndinafotokoza kuti kampani imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, mlimi n'kulonjeza kugulitsa makilo akutiakuti kwa iyo yokha, ndipo ngongoleyo imadulidwa mabelo akagulitsidwa ku Chinkhoma mlimi asanaone kwacha imodzi. Ndinanena kuti mtengo umakhala m'madola pa kilo malinga ndi giredi, koma mkangano wonse umagona pa funso loti wonena giredi ndi ndani, ndipo belo likabwezedwa mlimi akadandaule kuti. Ndinanena za chaka chomwe matalala anaboola masamba m'munda mwathu, bambo n'kundituma kuti ndifufuze m'mapepalamo ngati ngongole imachepa zikatero. Mayiwo anaika cholembera pansi. "Tsopano khalani mbali ya kampani," anatero. "Mlimi watenga feteleza wathu koma fodya wagulitsa kwa mavenda usiku. Tidziteteza bwanji?" Funso limenelo ndinali nditalimva kambirimbiri pansi pa mtengo pa misonkhano ya kalabu, kungoti kuchokera mbali inayo. Ndinayankha za alimi kumangidwa m'magulu kuti wina akathawa anzake amubwezere, za alangizi oyendera minda kuwerengera zokolola zisanafike ku chigafa, komanso kuti kutengera mlimi mmodzimmodzi ku khoti kungadye ndalama zoposa ngongoleyo. Tinacheza za fodya theka la ola. Sanandifunse mlandu ngakhale umodzi wa m'buku. Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito.

M'mabuku a ku England chinthu chimenechi amachitcha commercial awareness, ndipo achinyamata amachiopa ngati ndi mankhwala ogula ku Johannesburg. Ndi kungomvetsa kuti kasitomala amapeza bwanji ndalama, amazitaya bwanji, ndipo usiku chimamusowetsa tulo n'chiyani. Mwana wa ku Kasungu kapena ku Mchinji amene waona soya akugulidwa pa sikelo ya venda, kapena mathiraki ataima masiku atatu pa boda ya Mwami kudikira mapepala, ali nacho kale. Chongofunika n'kuchitulutsa ndi kuchilumikiza ku lamulo.

Komabe za kumudzi zokha sizikwana. Kwa mwezi wathunthu intavyu isanafike, werengani masamba a zamalonda mu The Nation ndi The Daily Times tsiku lililonse, ndipo nkhani iliyonse muziifunsa kuti: pamenepa ndani akufuna loya, ndipo akamufunsa chiyani? Tengani chitsanzo cha November 2023, pomwe Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Wogula katundu kunja amene anasaina kuti adzalipira m'madola anadzuka ngongole yake itafufuma. Womanga nyumba amene anagwirizana mtengo m'makwacha anapeza kuti simenti ndi zitsulo zakwera koma kontirakiti sinasinthe. Onsewa anathamangira kwa maloya ndi funso limodzi: kodi m'mapepalamu muli polowera kuti tikambiranenso mtengo? Mukatha kulankhula za nkhani ziwiri kapena zitatu zotere momasuka, mwaposa theka la anzanu. Musaloweze manambala ambiri. Mmodzi wa ofunsawo amawadziwa kuposa inu ndipo adzakukolani.

Makampani ena amapereka ntchito yolemba musanalowe m'chipinda: tsamba limodzi la nkhani ya kasitomala, mphindi makumi atatu kapena ola, kuti mulembe malangizo. Musayambe ndi mbiri ya lamulo. Mzere woyamba ukhale yankho: inde angathe, ayi sangathe, kapena zidalira chakuti. Kenako zifukwa, kenako chomwe achite mawa m'mawa. Yang'anitsitsani madeti musanalembe chilichonse, chifukwa timakonda kubisa msampha pamenepo. Ngongole ya pa kontirakiti ili ndi malire a zaka 6 pansi pa Limitation Act, ndipo wophunzira amatha kulemba masamba atatu okoma pa mlandu womwe nthawi yake inatha kale. Ngati pali chomwe nkhaniyo sinanene, lembani kuti mungafunse kasitomala chakutichakuti. Zimenezo timazikonda kuposa kungopeka.

Mafunso ena ndi odziwikiratu, ndipo sindikhalitsapo. N'chifukwa chiyani mukufuna zamalonda, n'chifukwa chiyani kuno, munalakwitsapo chiyani ndipo munatani. Konzani nkhani zenizeni zitatu za moyo wanu zomwe mungazitembenuze uku ndi uku, muziyeserere mokweza pamaso pa munthu amene sakuopani. Koma funso la chinsinsi ndi la ndalama za kasitomala likonzekereni mwapadera. Adzakufunsani mwina kuti: mwapita kumudzi ku maliro, amalume anu akukokerani pambali kufunsa za mlandu wa mnzawo womwe uli pa kampani yanu, mutani? Yankho ndi loti simunena kanthu, ngakhale kuvomera kuti munthuyo ndi kasitomala wanu, ndipo muyenera kusonyeza kuti mungakane mwaulemu osanyoza akulu. Ndalama za kasitomala zimasungidwa mu akaunti yakeyake, sizibwerekedwa ngakhale kwa tsiku limodzi, ndipo Malawi Law Society imalanga maloya pa nkhani imeneyi. Apa palibe zoseka kapena kuyankha mochenjera.

Mukafunsidwa chomwe simukuchidziwa, nenani kuti simukudziwa, kenako fotokozani komwe mungakayang'ane ndi momwe mungaganizire. Wonama timamuzindikira pa chiganizo chachiwiri, ndipo timayamba kudzifunsa kuti adzanamizanso kasitomala uti.

Za ulendo. Kuchoka pa Kasungu boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa M1, ndipo pa pepala mungati mudzuka m'mamawa n'kufika nthawi yabwino. Musayese. Minibasi imanyamuka ikadzaza, imaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ndipo mukafika mu tauni muyeneranso kupeza ina yopita ku City Centre kapena komwe kuli ofesiyo. Pitani dzulo lake, mukagone kwa achibale, ndipo madzulo omwewo mukaone khomo la ofesiyo ndi maso anu. Suti kapena diresi la intavyu musavale mu minibasi. Lipindeni mu chikwama, mukasite komweko. Zovala zikhale zakuda kapena zabuluu wodera, zoyera bwino, ngakhale zili za pa kaunjika, palibe amene adzafunse risiti. Nthawi ya fumbi tengani kansalu m'thumba kopukutira nsapato pa geti. Nyamulani mapepala anu enieni ndi makope ake mu foda, cholembera chanu, ndipo foni muizimitse, osati kungoichepetsa mawu.

Nkhani ya malipiro musaiyambitse ndinu. Akakufunsani, musanene kuti "chilichonse chomwe mungandipatse," poti zimamveka ngati simunaganizirepo za lendi ndi thiransipoti ya mu Lilongwe. Funsani kaye anzanu amene anakutsogolerani chaka chimodzi kapena ziwiri kuti mudziwe mlingo wake, n'kutchula pakati pa apa ndi apa. Pamapeto akakupatsani mpata wofunsa, funsani kuti mudzakhala pansi pa loya uti, ndani adzawerenge zolemba zanu, ndipo wophunzira amayamba liti kukhala nawo pokumana ndi kasitomala. Mayankho ake adzakuuzani ngati mukaphunzire ntchito kapena mukangokhala wonyamula mafailo kupita nawo ku rejisitiri ya khoti. Tsiku lotsatira tumizani imelo yaifupi yothokoza. Pakatha masabata awiri osamva kanthu, funsani kamodzi, mwaulemu, kenako pitirizani ndi makampani ena. Nambala ya foni yomwe munalemba pa CV ikhale yogwira ndipo foniyo ikhale ndi moto. Ngati kumudzi kwanu netiweki imapezeka pa chulu pokha, ikani nambala yachiwiri ya wachibale wa pa boma, mutamuuziratu.

Mwana wa achemwali uja anasankha makampani atatu. Madzulo a tsiku lomwelo ndinamupeza m'nyumba mwa agogo ake atakhala pamphasa, sutikesi yakale yachitsulo ili yotsekula. Agogowo anasunga mapepala onse a fodya a malemu bambo, omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ena atadyeka ndi njenjete m'mbali. Anali atafika pa tsamba lachinayi, pensulo ili m'manja, tochi ya foni itatsamira pa mtondo. "Amalume," anatero osadzutsa mutu, "apa akuti belo likakanidwa mlimi alipira yekha thiransipoti yobwerera. Agogo ankadziwa zimenezi posaina?" Ndinamuuza kuti awerenge mpaka kumapeto, pali ndime ina kutsogoloko yomwe ikutsutsana ndi imeneyo, ndipo m'mawa andiuze kuti khoti lingatsate iti.